Mmene Mfumu Ndalamula Idakhalira Mwini Chitsime

Kuseri kwa mapiri amene ana asukulu sawapeza pa mapu kuli ufumu wotchedwa Zonsenzanga. Likulu lake ndi mzinda wa Gwadapansi, ndipo masiku amene ndikukamba ano pampando padali Mfumu Ndalamula Wachitatu. Sidali mfumu yankhanza ayi. Tisamnamizire munthu, pakuti tonse tidzayankha tsiku lina. Idali mfumu yansangala, yokonda mbatata yootcha ndi nyimbo za kwaya. Nthenda yake idali imodzi yokha: ikamva kuti kwina kwake kuli chinthu chimene sichili chake, inkasowa tulo.

Lamulo lalikulu la dzikolo lidalembedwa pa chipata cha msika kuti ngakhale wodutsa pa njinga aliwerenge: Chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo adzagwade. Katundu wachilendo akafika, kaya sopo, kaya feteleza, mwini fakitale ankayamba wafika kubwalo, nagwada, naomba m'manja, kenako katunduyo n'kuloledwa pa msika. Chinthu chikasowa mwini chinkasanduka cha mfumu. Umu ndimo mfumu idakhalira mwini wa utawaleza, nkhungu ya m'mawa, ndi galu wina wamiyendo itatu amene ankagona kuseri kwa positi ofesi.

Pa msika wa Tipirirebe, pakati pa telala ndi wometa tsitsi, padali shopu ya makompyuta ya Mayi Nachanza. Mayiyu adali wamasiye, woimba kwaya mawu apansi, ndipo shopuyo ndiyo inkadyetsa ana ake ndi ana a malemu mchemwali wake. Adalibe munda kapena ng'ombe. Chuma chake chonse chidali pa mashelefu aja.

Tsono kompyuta ili ngati thupi la dothi: popanda mpweya imangogona. Mpweya wake ndi pulogalamu yaikulu imene imadzuka mukangoyatsa, n'kumayendetsa zina zonse. Mashopu ambiri a mu Gwadapansi ankagulitsa makompyuta a pulogalamu yotsekedwa, imene m'kati mwake simuloledwa kusuzumira, ndipo mashopu onsewo adali a mlamu wake wa nduna ina. Makompyuta a Nachanza okha ndiwo adali ndi pulogalamu yotseguka. Idalembedwa ndi anthu zikwizikwi a m'mayiko ozizira ndi otentha, amene ambiri sadaonanepo nkhope. Aliyense adali womasuka kuitsegula, kuona mmene idalukidwira, kukonza pamene palakwika, ndi kupatsako mnzake kwaulere. Anthu a pa msika adaitcha Chitsime, chifukwa onse ankatunga koma madzi osaphwa. Loweruka lililonse ogula ankasonkhana pakhonde la shopuyo kuthandizana: wophunzira ankaonetsa namwino, namwino n'kuonetsa m'busa.

Tsiku lina m'mawa kudamveka kulira kwa zitsulo ngati ng'ombe ya belu ikubwera. Adali Bambo Gwiritsa, Nduna ya Maloko ndi Makiyi, yemwe uja mlamu wake adali mwini mashopu aja. Makiyi a ufumu wonse ankalendewera m'chiuno mwake.

"Mayi," idatero nduna osapereka ndi moni womwe, "mwini wake wa Chitsimechi anagwada liti?"

"Mwadzuka bwanji, bwana?" adayankha Nachanza. "Mwini wake palibe."

"Anamwalira?"

"Ayi, bwana."

"Anathawa?"

"Ayinso. Ndi anthu ambirimbiri, aliyense anaikapo dzanja. Zili ngati nyimbo ya pa mtondo: onse amaimba, wina amaonjezera vesi, koma woyambitsa sadziwika."

"Ndiye mumalipira kwa yani?"

"Makina ndimagula, bwana, n'chifukwa chake ndimagulitsa. Koma Chitsimecho ndinalandira kwaulere, ndipo ndimapereka kwaulere."

Nduna idagwira pamtima ngati yamva mawu otukwana. Pafupi pomwepo padali Abiti Chande, wokazinga zitumbuwa, amene pakamwa pake sipankapuma ngakhale Lachisanu, tsiku lake lopemphera.

"Bwana nduna," adatero, "mukawapeza eni akewo mudzandiuze. Ndikufuna ndione nkhope ya munthu wopereka chinthu osafunako kangachepe. Kuno kwathu mbewu imeneyo inatha ndi anankafumbwe."

Nduna sidaseke. Idasankha loko wamkulu ngati papaya, nitseka shopu.

"Mwini wake akapanda kudzagwada mwezi uno usanathe," idatero, "shopu ndi zonse zili m'katimu zilowa mu ofesi yanga."

Nachanza adayang'ana lokoyo, nakumbukira ana onse omudikira kunyumba. Adangokhala pa benchi ya pakhonde n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya chipiriro.

Kubwalo la mfumu nkhaniyi idakambidwa kuyambira m'mawa mpaka mbatata za masana zitazizira. Nduna Yoona za Kuomba M'manja idati atumidwe amithenga kukaitana eni ake onse. Nduna ya Zifukwa idafunsa kuti anthu zikwizikwi akafika adzagwada pati, poti bwalo n'laling'ono ndipo udzu wake angoubzala kumene. Adasankha komiti yofufuza mwini, ndipo komitiyo idapita ku hotela ya kumapiri kukafufuza. Idabwerako itanenepa, nichitira umboni kuti m'hotela monse mwini Chitsime mulibe.

Mfumu idamva umboniwo nkhope itagwa.

"Chinthu chaulere," idatero potsiriza, "m'dziko langa. Anachilola kukhala chaulere ndani ine osadziwa? Anthu akazolowera kulandira zinthu osandithokoza, mawa adzayamba kupuma mpweya osanditchula."

"Zoona, Gogo!" zidavomera nduna zonse.

Pamenepo nkhope ya mfumu idawala ngati ya mwana wotola ndalama pa msewu.

"Dikirani. Mwati chilibe mwini?"

"Chilibe, Gogo."

"Ndiye tikuvutikiranji? N'changa!"

Nduna Yoona za Kuomba M'manja idapereka chizindikiro, ndipo m'manja mudaombedwa mpaka nkhunda zidathawa padenga.

M'mawa mwake wolengeza adakwera pa dramu pakati pa msika nawerenga: "Tamverani, tamverani! Mwini Chitsime wapezeka, ndiye Mfumu Ndalamula Wachitatu, mwini utawaleza. Kuyambira lero aliyense poyatsa kompyuta aziomba m'manja katatu. Munthu wina aliyense asatsegule, asakonze, asakhudze za m'kati mwa Chitsime, koma mwini wake yekha. Mayi Nachanza, amene wakhala akugawa katundu wa mfumu ngati ndiwo za pamaliro, shopu yake ikhalabe yotseka, ndipo mwezi ukatha ilandidwa."

"Ayi ndithu tili ndi mwayi," adatero Abiti Chande akutembenuza chitumbuwa. "Mayiko ena mafumu awo amangodziwa kudya. Yathuyi yalemba pulogalamu usiku umodzi, ndi zala zomwe zija imasendera mbatata."

Patapita masiku angapo kudafika pa shopu Bambo Lufeyo Chikhadwe, mkulu wa mpingo, akukankha njinga. Pa kaliyala adamangapo laputopu ndi pulinta ndi mphira. Bamboyu adali munthu wolemekeza malamulo, wosadutsa ngakhale pa kapinga polembedwa kuti musaponde. Mwana wake wamkazi ankakwatiwa, ndipo makadi oitanira anthu adali asanatuluke.

"Mayi Nachanza, ndithandizeni," adatero akupukuta thukuta. "Ndikadina kuti isindikize, pulintayi ikungotulutsa mapepala oyera mbee ngati zovala za ubatizo. Akuchimuna ayamba kale kunena kuti mwina tasintha maganizo."

Nachanza adayang'ana makinawo manja akumuyabwa.

"A Chikhadwe, ka vuto aka n'kakang'ono. Koma mwamva nokha lamulo. Ndikangokhudza, andimanga, ndiye ana aja adzadya loko uyu?"

"Nanga ndipite kwa yani?"

"Akuti wokonza ndi mwini wake yekha."

Bambo Chikhadwe adaganiza pang'ono, nagwedeza mutu ngati munthu amene waona njira yowongoka.

"Zoona. Mwini wake alipo tsopano. Ndikamukhalira khonde."

Apa ndiyenera kufotokoza mwambo umene nduna zonse zidaiwala pa chisangalalo chija. Mu Zonsenzanga, kuyambira kale mafumu asanayambe kuvala nsapato, chinthu chikakulakwira unkachitengera kwa mwini wake, n'kukhala pakhonde pake mpaka atakonza. Mbuzi ikadya chimanga chako, unkaikokera kwa mwini mbuzi n'kukhala pansi. Wokhalira khonde sathamangitsidwa, pakuti kutero n'kuitana tsoka pa mudzi, ndipo mwini khonde amayenera kumudyetsa masiku onse amene wakhalapo. Anthu ambiri m'dzikomo adali osamala ndi ziweto zawo chifukwa cha mwambo umenewu.

Bambo Chikhadwe adafika kunyumba yachifumu, natsamiritsa njinga pa mzati, nagwada, naomba m'manja.

"Gogo, mwini Chitsime, ndakukhalirani khonde. Katundu wanu wandilakwira."

Mfumu idakondwera kwambiri. Uyu adali munthu woyamba kuitchula mwini Chitsime popanda kuuzidwa.

"Bweretsani kuno, mwana wanga."

Idayang'ana laputopu kutsogolo ndi kumbuyo. Idauzira mpweya pa mabatani. Idasisita pulinta pamsana monga amachitira ndi ng'ombe yokana goli. Kenako idaimirira, nitambasula ndodo yachifumu.

"Iwe pulinta! Sindikiza!"

Pulinta idalira pang'ono, nitulutsa pepala loyera.

"Yamva," idanong'ona Nduna ya Zifukwa. "Yangochita manyazi pamaso pa Gogo."

Nduna Gwiritsa idayesa makiyi ake onse pa timabowo ta m'mbali mwa laputopu, koma palibe kiyi imene idalowa. Dzuwa litapendeka, Bambo Chikhadwe adayala mkeka wawo pakhonde, ndipo antchito adawabweretsera tiyi wamkaka ndi mbatata za mfumu yomwe.

Mbiri ya tiyi wamkaka imayenda msanga kuposa mbiri ya maliro. Tsiku lotsatira kudafika ophunzira a ku koleji ndi malaputopu m'zikwama. Kudafika namwino amene sikirini yake idatembenuka chadodolido. Kudafika m'busa amene ulaliki wake udasowa m'kompyuta Loweruka masana. Onsewa adali anthu a pakhonde la Nachanza, ndipo ambiri a iwo akadatha kuthandizana nthawi yomweyo, koma adali anthu omvera lamulo. Adapinda manja n'kumadikira mwini wake.

Mayi wina wogulitsa makaunjika adagwada nati, "Gogo, ndaiwala mawu anga achinsinsi otsegulira kompyuta. Tandikumbutseni."

"Ine ndingawadziwe bwanji mawu ako achinsinsi?"

"Nanga si inu eni ake? Kapena ndi dzina la mwamuna wanga woyamba? Tayesani kuganiza, Gogo."

Pofika pakati pa sabata khonde lidadzaza, anthu n'kusefukira pa kapinga uja wongobzala kumene. Poti ambiri adali a makwaya, adagawana mawu n'kuyamba kuimba nyimbo za oyembekezera, zokoma kwambiri mwakuti mfumu inkalira misozi kuchipinda, theka chifukwa cha kukoma kwa nyimbo, theka chifukwa cha shuga. Shuga wa kunyumba yachifumu adatha. Mkaka udatha. Nkhokwe ya mbatata idatsala pansi pokha. Kale Mulungu adadyetsa khamu m'chipululu ndi chakudya chogwa kumwamba, koma pa Gwadapansi kumwamba kudali chete, ndipo zonse zinkachokera m'khitchini ya mfumu.

"Muitaneni mayi uja," idatero mfumu.

Nachanza adafika atavala chitenje chake cha kutchalitchi, mwezi utatsala pang'ono kutha. Adagwada pakati pa makasitomala ake, amene adamupatsa moni ndi maso okha.

"Mayi," idatero mfumu motsitsa mawu, "konzani zinthu izi anthuwa azipita."

"Gogo, ndine kapolo wanu. Koma lamulo lanu likuti wokhudza Chitsime ndi mwini wake yekha. Ndikakonza, ndaphwanya lamulo la mfumu. Ndikakana, ndanyoza mawu a mfumu. Ndiuzeni ndende imene ili ndi mawindo, ndisankhe imeneyo."

"Lamulo la mfumu silibwerera m'kamwa," idatero Nduna Gwiritsa msangamsanga, poti idali itayeza kale mashelefu a shopu ija ndi maso. "Anthuwa atopa okha, Gogo. Tipirire mpaka mwezi uthe."

Mawuwo asanazizire, kuchipata kudamveka phokoso. Adali Abiti Chande, atasenza pamutu chitsulo chachitali chopindika. Adachitula pamaso pa mfumu, gwengwerere, nagwada bondo limodzi.

"Gogo, ndamva kuti masiku ano mukukonza katundu wanu. Uwu ndi mkono wa mjigo wa kwathu ku Dikirani. Unathyoka mwana wanga wotsiriza ali kumsana, pano ali ndi ndevu. Pa mwala wa mjigowo panalembedwa dzina lanu m'zilembo zazikulu. Ndakukhalirani khonde."

Mfumu idasuzumira kuseri kwa Abiti Chande, niona anthu atandanda kumbuyo kwake. Mzere udafika mpaka kumsika. Wina adanyamula thabwa la mlatho. Aphunzitsi awiri adanyamula chitseko cha kalasi, chimene chidali chokhacho chotsala pa kalasiyo. Patsogolo pawo padali dalaivala wa minibasi atanyamula beseni la madzi amatope.

"Ichi n'chiyani?" idafunsa mfumu.

"Dzenje la pa msewu wanu wa Ndalamula, Gogo. Dzenje lenilenilo landikanika kunyamula, ndiye ndangotungako madzi ake. Muli ndi achule omwe, ngati mukufuna umboni."

Mfumu idakokera nduna zake pambali.

"Zonsezi zayamba ndi pulinta imodzi," idanong'ona. "Anthu anali ataiwala kuti mwambo umenewu umakhudzanso mfumu. Ndani anandiuza kuti nditenge Chitsime?"

Nduna zonse zidayang'ana Gwiritsa, ndipo Gwiritsa adayang'ana makiyi ake.

"Ndichitaye," idatero mfumu.

"Sizingatheke, Gogo," idatero Nduna ya Zifukwa. "Mukachitaya chikhala chopanda mwini, ndipo chopanda mwini n'chanu. Chibwerera lero lomwe."

"Ndiye ndichipereke kwa wina."

Nduna iliyonse idabwerera m'mbuyo phazi limodzi, pokumbukira kuti nayonso ili ndi khonde ndi shuga kunyumba.

Mfumu idakanda mutu mpaka chipewa chachifumu chidapendekeka. Kenako idakwera pa mpando, nikweza ndodo.

"Tamverani, ana anga! Mwa chifundo changa chosayezeka, lero ndagawa Chitsime. Kuyambira tsopano mwini wake ndi aliyense wa inu, wamkulu ndi wamng'ono. Chikakulakwirani, kakhaleni pakhonde panu, mudziphikire nokha tiyi."

"Koma Gogo," idatero Nduna Gwiritsa, ikugwira udzu womaliza ngati munthu wokokoloka, "lamulo likuti mwini adzagwade. Ngati eni ake ndi dziko lonse, ndiye dziko lonse libwere kuno kudzagwada. Lisanabwere, shopu isatsegulidwe."

"Asabwere!" idakuwa mfumu, mawu mpaka kuthyoka. "Aliyense agwadire kwawo komweko, ine ndiziona mumtima. Ndipo iwe, katsegule shopu ya mayiyu dzuwa lisanalowe, anthu akhale ndi kopita."

Mawuwo atangotuluka, manja onse amene adapindidwa sabata yathunthu adatambasuka. Wophunzira adalumphira pa sikirini ya namwino, namwino adapeza ulaliki wa m'busa pamene m'busayo adaubisa yekha, ndipo anthu atatu adaunjirira pulinta ya Bambo Chikhadwe akutsutsana mokweza. Posakhalitsa idayamba kulavula makadi a ukwati, maina a mkwati ndi mkwatibwi atazunguliridwa ndi maluwa. Bambo Chikhadwe adatenga khadi loyamba, nalipereka kwa mfumu ndi manja awiri.

"Mudzabwere, Gogo. Tiyi tidzakubwezerani."

Poona kuti mankhwala agwira, mfumu idakwezanso ndodo.

"Nawonso mjigo ndaugawa! Mlatho, msewu, zonse n'zanu!"

"Pepani, Gogo," adatero Abiti Chande akuyala chitenje pansi. "Chitsime tachilandira, poti zida zokonzera zili m'manja mwathu. Koma zida za mjigo, msonkho wake tinapereka kuno. Mphatso imeneyo ikhale kaye. Kodi tiyi wa madzulo amabwera nthawi yanji?"

Anthu a makompyuta adanyamuka, a mjigo ndi a mlatho n'kukhala m'malo mwawo. Za mmene khonde limenelo lidathera, amene adaona akuti mjigo wa ku Dikirani udayamba kutulutsa madzi mvula isanagwe, ndipo ndani angakane kuti zozizwitsa zikadalipo?

Madzulo a tsiku lomwelo Nduna Gwiritsa idafika pa msika wa Tipirirebe, makiyi akulira motsika. Idatsegula loko pamaso pa khamu. Nachanza adalowa, nayendetsa dzanja pa mashelefu afumbi, naona kuti zonse zilipo. Adagwada pakati pa shopu, ulendo uno osauzidwa ndi lamulo, nayamika Iye amene saiwala amasiye. Atadzuka adapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, napeza benchi ya pakhonde itadzaza kale ndi anthu, ena ofuna kugula, ena ofuna kufunsa.

Nduna sidachoke. Idazungulirazungulira, nitsokomola, kenako idatulutsa laputopu m'kati mwa jekete.

"Mayi," idatero chapansipansi, "mfumu yati mwini wake ndi aliyense. Kodi ndi ine ndemwe?"

"Ndi inu nomwe, bwana."

"Ndiye tandiikireni Chitsimecho umu msanga, ndili ndi msonkhano."

"Ndikuikirani ndi mtima wonse," adatero Nachanza akumwetulira. "Koma eni ake anzanu awa anafika kale. Khalani uko kumapeto kwa benchi."

Nduna idayang'ana benchi, idayang'ana mayiyo, idayang'ananso benchi. Wometa tsitsi adasendera pang'ono, ndipo Nduna ya Maloko ndi Makiyi idakhala pansi, laputopu pamiyendo, kudikira nthawi yake.